Ufa wodzaza ndi timabowo

Ndangomaliza kuonera kanema wa mu labu. Kachitsulo kopakidwa ufa wotchedwa MOF (metal-organic framework) akaviika m'madzi, ayatsa magetsi, basi timathovu ta mpweya wa haidrojeni tayamba kutumphuka ngati madzi afuna kuwira. Ndabwereza katatu! Ufawo kuuona ndi wawamba, koma mkati mwake ndi timabowo tokhatokha, maatomu a chitsulo olumikizana ndi timizati ta kaboni ngati nyumba yongoimika mitengo isanafoleredwe. Mitundu ina, galamu imodzi yokha, mutati muyale makoma ake onse amkati, angakute bwalo la mpira. N'zosadabwitsa kuti asayansi Kitagawa, Robson ndi Yaghi analandira mphoto ya Nobel mu 2025 chifukwa cha zinthu zimenezi.

Pamapepala, kugawa madzi kukhala haidrojeni ndi okosijeni kumafuna magetsi a mavolti 1.23 okha, koma popanda chinthu chofulumizitsa ntchitoyi magetsi ambiri amangothera m'kutentha. Zitsulo za platinum ndi iridium zimaigwira bwino ntchito yofulumizitsayi, kungoti n'zosowa komanso zodula kwambiri. Nchifukwa chake ofufuza akuika nickel, cobalt ndi ayironi m'timabowomo, kuti madzi azikhudza chitsulo paliponse.

Koma ine sindinayambe kuvina. Ma MOF ambiri sayendetsa bwino magetsi, ndipo madzi omwewo, makamaka a asidi kapena alkali wamphamvu, amawagumula. Nthawi zina chomwe chikutulutsa thovulo ndi zotsalira za ufawo utaphwasuka kale. Kanema wanga uja anali wa mphindi ziwiri. Ndikufuna ndikaone kachitsulo komweko katagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi.