Za maliro aja, imvani kwa mwiniwake

Inu amene mukumandiimbira n'kumafunsa kuti "malemu adzuka bwanji", khalani pansi, chifukwa nkhaniyi pa WhatsApp yamera nyanga.

Tinkajambula filimu, gawo la maliro. Masamba aja pamsewu sindinaike ine. Anaika ndi mnyamata wanga wonyamula maikolofoni, ati zioneke zenizeni. Zinaonekadi. Apanjinga anayamba kutsika, abambo kuvula zipewa, posakhalitsa amayi a zitenje anali atadzaza khonde, nyimbo ya maliro ili pakamwa. Ine mumtima ndinati Mulungu wandipatsa khamu laulere. Paja chichokereni 2016, pomwe Joyce Mhango Chavula, Mmalawi wopanga mafilimu, anatenga mphoto ya mafilimu a mu Africa ya AMVCA ku Lagos, ndimadziona ndili pansanja yomweyo, suti ili thi. Ndinanong'oneza wakamera kuti asazimitse. Inunso mukanatero.

M'bokosimo munali mlamu wanga. Pangano linali loti agone phee mphindi zisanu, ndimupatse K10,000 ndi chipisi. Koma mkulu wina anaimirira kuyamba kupepesa anamfedwa, mbale ya chipepeso n'kuyamba kuyenda.

Ndiye foni inalira. M'bokosi.

Nyimbo inaduka. Foniyo inalirabe, kanyimbo ka kwaya, mpaka kutha, n'kuyambiranso. Amayi ena anapisa m'zikwama, ena kumasula nsonga za zitenje kuti mwina ndi yawo. Mkulu wopepesa uja anangoti kukamwa yasa, chipewa chili pachifuwa. Kenako mawu anatuluka mkati, odekha bwinobwino: "Halo? Ndili pantchito. Ndikuimbira ndikadzuka."

Abale inu. Agogo amene anabwera akutsimphina ndi ndodo anadumpha ngalande, ndodo n'kutsala. Ine kukuwa kuti ndi filimu chabe, koma ndani amamvera munthu woima pafupi ndi bokosi lolankhula?

Madzulo tinali kwa amfumu. "Mkulu wa zimenezi ndani?" Mufilimu mumakhala dayilekitala, wouza anthu zochita, ndi pulojusa, wotulutsa ndalama. Kunja ndi anthu awiri, kuno ndi ine ndekha, ndiye panalibe womuloza. Ndinati, "Gogo chalo, kalata yopempha chilolezo ndinalemba." Ndinalembadi. Ndinapatsa mlamu kuti akapereke, ndipo inapezeka m'jekete yomwe anagona nayo m'bokosi.

Chindapusa chinali mbuzi, kuphatikiza kubweza chipepeso. M'mbale munali K6,500, koma aliyense atanena zomwe anaponya zinakwana K41,000, ndipo amfumu anati anthu awo sanama.

Chithunzi chamtengo wapatali chija musandifunse. Wakamera, yemwe anathandiza nawo kumulowetsa mlamu m'bokosi ndi manja ake, ndiye anatsogolera liwiro. Tili ndi mphindi zitatu za udzu, thambo ndi munthu akupuma wefuwefu.

Mlamu akuti ndimuwonjezere ya ovataimu. Mchemwali wanga, yemwe ndiye anaimba foniyo, ali mbali yake.