Lachitatu la mwezi wa Okutobala: amayi odandaula za mabere

Lero linali tsiku la sikelo ndi kulera pachipatala chathu chaching'ono cha kuno ku Chikwawa, ndipo dandaulo limene ndalimva kwambiri ndi la kuyabwa kwa nsonga za mabere ndi kupweteka kwa mabere. Amayi sayamba ndi nkhani imeneyi. Amadikira kuti ndimalize kulemba m'buku lawo la kuchipatala, kenako akamamanga chitenje kuti atuluke ndi pamene amanena motsitsa mawu kuti, "Anesi, pali kanthu kena." Mwezi uno wailesi zikulankhula za khansa ya m'mabere, choncho ambiri afika ali ndi mantha.

Woyamba anali mayi wogulitsa nsomba pamsika wa Nchalo, amene amakhala padzuwa kuyambira m'mawa atavala kamisolo yothina ya nayiloni. Pansi pa mabere onse awiri khungu linali lofiira, lonyowa ndi losupuka pang'ono, ndipo m'mphepete munali timadontho tofiira tomwazikana. Izi zimachitika thukuta likamakhazikika pamalo pamene khungu likukhudzana ndi khungu linzake, chifukwa tizilombo totchedwa fangasi timaswana bwino pofunda ndi ponyowa. Kuno ku Chigwa cha Shire, kumene nyengo ino kutentha kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, vutoli ndi lofala kwambiri. Ndinawapatsa mankhwala opaka a clotrimazole, ndi kuwalangiza kuti azipukuta pamalopo mpaka paume akatha kusamba, azivala kamisolo ya thonje, ndiponso azitsukuluza bwino zovala zamkati, pakuti sopo wa ufa wotsalira m'nsalu nayenso amayabwitsa nsonga za mabere.

Wachiwiri anati kuyabwa kumakula usiku. Nditawayang'ana pakati pa zala ndi pamikono, kenako ndi kuona mwana amene anali kumsana akudzikanda, sindinavutike kudziwa kuti ndi mphere. Anthu ambiri sadziwa kuti kwa amayi mphere zimakonda khungu lakuda lozungulira nsonga ya bere. Zimafala msanga kumene anthu akugona mothinana, monga m'misasa ya anthu othawa madzi osefukira ngati ija ya nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo kupaka mankhwala munthu mmodzi yekha n'kutaya nthawi ngati ena onse a m'nyumbamo sanapake komanso zofunda sizinachapidwe.

Za kupweteka, zambiri zimene ndamva lero n'zochokera ku kusintha kwa mahomoni, timadzi ta m'thupi timene timayendetsa msambo ndi pathupi. Mabere onse awiri akamalemera ndi kuwawa kutatsala masiku ochepa kuti msambo uyambe, n'kusiya msambowo ukangobwera, palibe choopsa. Zomwezi zimachitika m'miyezi yoyambirira ya pathupi, komanso kwa ena amene angoyamba kumene mapiritsi olera, jakisoni wa Depo wa miyezi itatu uja, kapena Jadelle ndi Implanon zoika pamkono. Mtsikana wina amene anali wotsimikiza kuti ali ndi khansa watuluka m'chipinda mwanga atadziwa kuti ndi woyembekezera.

Masana kunabwera mayi woyamwitsa mwana wa milungu itatu, ataperekezedwa ndi apongozi ake. Bere lamanzere linali lotupa, lolimba ndi lotentha, nsonga yake inali yong'ambika, ndipo thupi lonse linali kutentha. Apongoziwo anati, "Anesi, tamuletsa kuyamwitsa bere limenelo, mkaka wake waonongeka." Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Amayi, mkakawo ulibe vuto, ndipo kuusiya kuti udzadze ndi kumene kukukulitsa kutupaku mpaka mafinya angasonkhane mkati." Nditamuika mwana kubere ndinaona gwero lake: ankangoyamwa kansonga kokha, milomo itapindikira mkati, m'malo moyasamula kwambiri ndi kulowetsa mbali yaikulu ya khungu lakuda lija. Tinakonza kagwiridwe ka mwanayo ndipo mayiyo analandira mankhwala. Malangizo amasiyana pang'ono kwa mayi amene ali ndi HIV, chifukwa iye bere likang'ambika kapena kutupa amafinya mkaka wa berelo n'kuutaya, n'kumayamwitsa bere linalo mpaka lodwalalo litachira.

Amene wandisiyira nkhawa ndi mayi wachikulire wochokera cha ku Ngabu, amene anabwera kudzaperekeza mdzukulu wake ndipo za iye mwini anazitchula ngati nkhani yopanda pake. Nsonga ya bere limodzi lokha yakhala ikuyabwa kwa miyezi yambiri, ili ndi nkhanambo zimene zimachoka n'kubweranso, ndipo mafuta onse amene apakapo sanathandize. Iwo anati sanabwere msanga chifukwa sipapweteka. Apa m'pamene ine ndimaona kuti mantha athu ali pamalo olakwika, pakuti kupweteka kwa bere kawirikawiri sikukhala khansa, pamene khansa nthawi zambiri imayamba popanda ululu. Chilonda chosapola cha pansonga ya bere limodzi chikhoza kukhala matenda a Paget, mtundu wosowa wa khansa umene umaoneka ngati vuto wamba la pakhungu. Ndinafufuza zina zimene timayang'ana, monga chotupa cholimba, nsonga yolowa mkati, magazi otuluka pansonga, ndi mwanabere m'khwapa, ndipo ndinapeza kachotupa kakang'ono kuseri kwa nsongayo.

Ndawalembera kalata yopita nayo ku chipatala cha boma cha Chikwawa, kumene angawatumize ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuti akadule kanyama kokapima, chifukwa ndi kupima kokhako kumene kungatsimikize. Funso lawo loyamba linali la ndalama yokwerera minibasi. Madzulo ano ndalankhula ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo kuti akawaone Lolemba ndi kundidziwitsa ngati anyamuka.