Toyota Vitz RS kapena Suzuki Swift Sport yakale: kodi n'kugula kuno ku Salima?

Tigalimoto iti timakopa maso ndipo mtengo wake si woboola m'thumba, koma musanatulutse ndalama, ganizirani msewu umene muziyendamo. Ngati ulendo wanu ndi wa Lilongwe pa M14, palibe vuto. Koma wolowera ku Nkhotakota pa M5, kapena wopatukira m'misewu yafumbi, adziwe kuti n'tatifupi pansi ndipo matayala ake ndi opyapyala m'mbali. Dzenje limodzi lokha, tayala latupa, limu yapindika.

Pa ziwirizi ine ndingasankhe Vitz RS ya injini ya 1.5, 1NZ-FE. Ndi injini yomweyo ili mu Sienta ndi Probox zambiri, choncho makaniko aliyense pa Kamuzu Road amaidziwa ndipo zipangizo sizisowa. Swift Sport ya 1.6 imathamanga mokoma kuposa, koma chikathyoka china mudikira kuti chichokere ku Lilongwe.

Pokaona galimotoyo, pitani m'mawa injini isanalizidwe. Ikamalira ngati tcheni chikukhulana, mwina mwini wake ankachedwa kusintha oilo. Gwadani muone pansi: sampu (mosungira oilo pansi pa injini) yophwanyika kapena yodontha ikuuzani kumene yakhala ikuyenda. Isiyeni ilire mphindi 15 mutayatsa AC, muone ngati fani ya radiator ikuzungulira, chifukwa kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala sikukhululuka. Ngati ndi ya giyabokosi ya otomatiki yotchedwa CVT, iyeseni pachitunda. Ikamanjenjemera ponyamuka, isiyeni, giyabokosi ikudyerani ndalama zambiri. Ya manyuwo ndiyo yosavuta kukonza.