Kuyeza liwiro la phagosome m'maselo amene ali ndi HIV

Macrophage, selo ya chitetezo cha m'thupi, ikagwidwa ndi HIV imamezabe tizilombo, ngakhale kuti mphamvu yake ndi yochepa poiyerekeza ndi yathanzi. Pa chithunzi chimodzi zonse zimaoneka ngati zili bwino: chomezedwacho chili m'kati mwa selo, basi. Vuto lili pa zimene zimatsatira, ndipo limaoneka pokhapokha ukajambula selo ili moyo, nthawi ikupita. Teremu ino ku Ridgeway, sukulu ya zamankhwala ya University of Zambia ku Lusaka, ndakhala ndikuphunzira kuyeza zimenezi pa mavidiyo amene aphunzitsi athu anatipatsa. Kachilombo kamoyo sitikakhudza ife, kamafuna labotale ya chitetezo chapamwamba.

Selo ikameza bakiteriya imamukutira m'kathumba kotchedwa phagosome. Kathumbako kamapangika m'mphepete mwa selo, koma ma lysosome, timatumba togaya zomezedwa, ambiri ali pakati, pafupi ndi nucleus, phata la selo. Ndiye kayenera kuyenda pa timizere ta microtubule, puloteni yonyamula katundu yotchedwa dynein ikukakoka. Kakaphatikana ndi lysosome asidi amachuluka, pH imatsika kufika cha m'ma 5, bakiteriya n'kugayidwa. Mu 2015 gulu la a Florence Niedergang ku Institut Cochin, ku Paris, linasonyeza kuti Vpr, puloteni ya HIV, imasokoneza mapuloteni a selo otchedwa EB1 ndi p150Glued kunsonga za timizereti, moti phagosome imayenda mochedwa ndipo sikhwima msanga. Kuno nkhaniyi si yachilendo. TB ndi Salmonella ya m'magazi zimavutitsa kwambiri anthu amene ali ndi HIV, ndipo tizilombo tonse tiwiriti timadziwa kubisala m'kati mwa macrophage.

Kajambulidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Maselo amakhala m'kabokosi ka madigiri 37 ndi CO2 wa 5 peresenti, amawapatsa maselo ofiira a magazi a nkhosa opakidwa IgG (puloteni ya chitetezo imene macrophage imaizindikira) kuti ameze, ndipo selo imene ili ndi kachilombo imawala mobiriwira chifukwa cha GFP, puloteni yowala imene anaiika m'kachilomboko. Kuwala kwa laser kukachuluka selo imafooka, n'kuyamba kuchita ulesi umene sunabwere ndi HIV.

Ntchito yeniyeni ili pa kompyuta. Mu Fiji, pulogalamu yoyezera zithunzi, umadina pakati pa phagosome pa chithunzi chilichonse, kuyambira pamene kathumba katsekeka. Ena m'kalasi amakonda TrackMate, pulogalamu imene imatsata timatumba yokha, chifukwa ndi yachangu, koma timatumba tiwiri tikadutsana imatha kutisinthanitsa. Ine ndimadina ndekha, khosi lipweteke lisapweteke.

Kenako pamabwera funso: liwiro la chiyani? Phagosome siyenda mowongoka. Ili ngati minibasi yochoka ku Chelstone kupita ku Kulima Tower: yathamanga, yaima, yabwerera m'mbuyo kukanyamula munthu, yathamanganso. Ukawonkhetsa mtunda wonse umene yayenda upeza nambala ina, ukayeza pamene yayambira ndi pamene yathera upeza inanso. Ukatalikitsa nthawi pakati pa chithunzi ndi chinzake, kubwerera kuja sikuoneka ndipo liwiro limatsika lokha. Selonso payokha imakwawa, kotero mtunda uyenera kuyezedwa kuchokera pa nucleus, osati pakona ya chithunzi. Pepala la kafukufuku limene silinena zimenezi ine ndasiya kulikhulupirira.

Aphunzitsi ali ndi malamulo awiri amene sagonjerapo. Loyamba, uzimitse mtundu wobiriwira usanayambe kudina, chifukwa dzanja likadziwa kuti selo iyi ndi yodwala limayamba kupeza kuchedwa kumene likufuna. Mnzako ndiye asunge mndandanda wa mayina a mafayilo mpaka umalize. Lachiwiri anatiuza tsiku lina mnzanga atanyadira kuti watsata ma phagosome ochuluka zedi.

"Achokera kwa anthu angati opereka magazi?" anafunsa.

"Mmodzi, a Dokotala."

"Ndiye mwayeza munthu mmodzi."

Ma macrophage amenewa amakulitsidwa kuchokera ku ma monocyte, mtundu wa maselo oyera a m'magazi, ndipo a munthu uyu sachita mofanana ndi a uyo. Tsopano pa tebulo langa la zotsatira mzere uliwonse ndi wa wopereka magazi mmodzi, maselo ake ogwidwa kuyerekezedwa ndi ake omwe osagwidwa.