Mapiko anatha Lions isanagonje

Lero ndi Lachiwiri koma miyendo ikadali kuwawa. Anzanga amene muli m'makhitchini kuno ku America mukudziwa kuti Januwale ndi mwezi wa mpira wawo uja wa zipewa, ndipo bala iliyonse yokhala ndi ma TV imakolola pamenepo. Ine ndatha zaka 6 ndikuyang'anira khitchini ya bala ina kunja kwa mzinda wa Detroit, ndipo zaka zonsezo ndime yachipulula ya NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, timangoonera matimu a eni. Chaka chino cha 2024 zinatembenuka. Pa 14 Januwale Lions, timu ya ku Detroit, inagonjetsa Rams 24-23, kupambana koyamba m'ndimeyi chichokereni Januwale wa 1992. Pa 21 inathana ndi Tampa Bay 31-23. Kunatsala masewero amodzi, ndi San Francisco 49ers pa 28, kuti timu imene sinapondeko ku Super Bowl, masewero omaliza olimbirana ukatswiri, ikafikeko.

Lolemba m'mawa ndinawerenga katundu m'firiji n'kulemba oda: mabokosi 30 a mapiko a nkhuku. Bwana anafufuta n'kulemba 18. Ati masewero akachitikira ku Santa Clara, ndiye anthu akaonera kunyumba kapena pa zinsalu zazikulu ku Ford Field. Ndinawakumbutsa kuti tsiku la Tampa Bay, pamene anthu masauzande anali m'bwalo momwemo, ife tinatsitsa mabokosi 22. Anangoti mapiko akwera mtengo. Pa ndandanda ya Lamulungu anaika ophika atatu m'malo mwa asanu, operekera zakudya anayi, wotsuka mbale mmodzi. Chiwaya chimodzi mwa zitatu chinafa Khirisimasi isanafike, ndipo wodzakonza "akubwera sabata yamawa" kuyambira pamenepo.

Pakati pa sabata panalibe chachilendo. Kudula, kunyika, kulemba madeti pa zidebe. Mnyamata watsopano anadzitema chala Lachitatu, pang'ono chabe. Chimene chinkandisangalatsa ndi mkangano wa makasitomala athu a tsiku ndi tsiku, umene umandipeza kudzera pa kawindo kotulutsira chakudya. Timu yapambana kawiri, koma iwo anali akadali pa nkhani ya ku Dallas ya pa 30 Disembala. Paja tsiku lija Taylor Decker wa Lions, wovala 68, anagwira mpira wa mapointi awiri umene ukanawapambanitsa, koma woyimbira Brad Allen anati amene anadzamudziwitsa kuti aloledwe kugwira mpira anali wa 70, Dan Skipper. Mapointi anafufutidwa, Lions inagonja 20-19. Mwezi wathunthu wadutsa, Dallas yomweyo inatulutsidwa kale ndi Green Bay, koma munthu wamkulu ndi ndevu zake akuimirirabe pakati pa bala kuonetsa mmene Decker anayendera kupita kwa woyimbira. Ndinkangokumbuka ku Kamuzu Stadium, Bullets ikakumana ndi Noma: penate ya zaka zisanu zapitazo anthu amaikamba ngati ya dzulo.

Lamulungu masewero ankayamba 6:30 madzulo. Pofika 4 koloko mipando inali itatha. Pofika 5 anthu anali ataima mpaka kukhomo la kuchimbudzi, onse mu buluu, akuimba dzina la Jared Goff, woponya mpira wa Lions, ngati nyimbo ya kwaya. Makina otulutsa timapepala ta maoda sankapuma. Timapepala tinadzaza njanji yake, tina n'kumalendewera mpaka pansi, ine n'kumatiponda.

Chigawo choyamba sindinachione, ndinachimva. Jameson Williams wa Lions atathamanga mayadi 42 kukagoletsa touchdown yoyamba, chigoli chofikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, mapoto opachika kukhoma ananjenjemera. Anzake Montgomery ndi Gibbs anagoletsanso. Popita kokapuma zinali 24-7. Anthu akakondwa amadya, ndipo onse amafuna chinthu chimodzi nthawi imodzi. Ziwaya ziwiri, mafuta akuzizira chifukwa cholongeza mopitirira, mapiko akutuluka otuwa, ine n'kumawabweza. Bokosi la 18 ndinalitsegula osewera asanabwerere m'bwalo.

Ndinatuluka kukauza bwana. Ndinawapeza atatsamira kauntala, akujambulitsa ndi makasitomala. "Bwana, mapiko atha." Anandiyang'ana ngati ndawadya ndine. "Auzeni atenge zina." Kunena n'kosavuta. Amene amakauza tebulo la anthu oledzera kuti chimene adikirira mphindi 40 kulibe si bwana, ndi atsikana anayi aja.

Pobwerera anandigwira mkono agogo ena amene amakhala pampando wakumapeto Lamulungu lililonse. Anati, "Mwana wanga, usakondwe msanga. Mu 1957 a 49ers ankatsogola 24-7 pa nthawi ngati ino, ife tinawabweza 31-27. Ngongole imeneyo sanaiwale." Chaka chimenecho ndi chomaliza Lions kutenga ukatswiri. Ndinaseka n'kuthamangira ku ziwaya zanga.

Zotsatira zake ndinaziona pa ka TV kakang'ono ka pamwamba pa kawindo, chifukwa maoda anayamba kuchepa. Zili 24-10, Lions inafika mayadi 28 kuchokera pa mzere wogoletsera wa San Francisco, fourth down, kutatsala mayadi awiri. Kwa amene simuutsata mpirawu, timu imakhala ndi mipata inayi yoti isunthe mayadi 10. Pa wachinayi ambiri amangomenya field goal, kukankha mpira pakati pa mitengo ya golo, n'kutenga mapointi atatu. Mphunzitsi Dan Campbell sachita zimenezo kawirikawiri. Anati tiyeni. Goff anaponya, mpira unafika m'manja mwa Josh Reynolds, n'kugwa. Posakhalitsa mpira wa Brock Purdy, woponya wa San Francisco, unagunda chipewa cha Kindle Vildor wa Lions n'kudumphira m'manja mwa Brandon Aiyuk, mnzake wa Purdy, mayadi 51. Touchdown inatsatira. Lions itangoyambanso, Gibbs anataya mpira, McCaffrey wa San Francisco n'kugoletsa, 24-24. M'bala munangoti zii, moti ndinayamba kumva kulira kwa fani ya m'khitchini. M'chigawo chomaliza, akutsalira 27-24, Campbell anakananso kumenya field goal ali pa mayadi 30, kutatsala atatu. Sizinatheke. San Francisco inawonjezera, 34-24, mapointi 27 otsatizana osayankhidwa.

Apa ndi pamene tebulo la anthu asanu ndi atatu linanyamuka. Anali atamwa kuyambira masana, mapiko awo sanabwere, anapatsidwa tchipisi ndi mabaga mochedwa. Anasowa m'chipwirikiti cha anthu otukwana, bilu ya madola 340 ili pa tebulo. Woperekera wawo ndi mtsikana wa ku koleji, wa zaka ngati za mwana wanga woyamba, ndipo nthawi imeneyo anali ndi matebulo 11 yekha. Anabwera kukhitchini atagwira kapepalako, manja akunjenjemera, osalira, kungoti, "Apita." Williams anagoletsanso kutatsala masekondi 56, zinathera 34-31, koma ife tinalibenso nazo ntchito.

Titatseka, bwana anali pakati pa otsala ochepa, mawu ali pamwamba. Campbell ndi wa juga. Mapointi asanu ndi limodzi anawasiya pansi, timu yagonja ndi atatu, mwana wa sitandade 2 angawerenge. Wina anawatsutsa kuti kulimba mtima komweko ndi kumene kwafikitsa timu apa kuchokera mu 2021 pamene inangopambana masewero atatu, kugonja 13 ndi kufanana mphamvu kamodzi, ndipo pamene anayenera kumenya, chakumapeto kwa chigawo choyamba, anamenya. Wina anati Michael Badgley, womenya wa Lions, anagoletsa ya mayadi 54 tsiku la Rams. Wina n'kuti munali m'nyumba mopanda mphepo. Ine ndikafunsidwa, yoyamba ija Campbell sanalakwe, mpira unali m'manja mwa munthu. Yachiwiri ndikanamenya kuti zifanane, anyamata apume mtima. Chimene chinandinyansa kwambiri ndi kuthamangitsa Montgomery pafupi ndi mzere kumapeto kuja n'kuwononga timeout, mwayi woimitsa wotchi, imene inkafunika. Koma maganizo a wophika ndani amawafunsa.

Kenako bwana anaitana mtsikana uja n'kumuuza, pamaso pa tonse, kuti madola 340 atuluka m'matipu ake chifukwa sanayang'anire tebulo. Amene muli ku Michigan mukudziwa kuti mu 2024 woperekera zakudya ankalandira madola 3.93 pa ola, zotsalazo zinali matipu. Usiku wonse wothamanga ndi mathireyi unali kupita pamenepo.

Ndinavula epuloni. Sindikonda kuyankha akuluakulu pagulu, sitinaleredwe choncho, koma magazi anali atakwera. Ndinati, "Bwana, ndinapempha mabokosi 30, munandipatsa 18. Ndinapempha ophika asanu, munandipatsa atatu. Chiwaya chija mwezi wakwana. Anthu aja anakhala ola lathunthu opanda chakudya, ndipo pakhomo panalibe woimapo chifukwa munati n'kuwononga ndalama. Juga imene mukuinena mwaisewera ndinu. Campbell wangoima kumene pa TV apa, maso ali ofiira, kuvomera kuti chiganizo chinali chake ndipo anthu amunene. Sanaloze Reynolds. Inu mukuloza mwana." Ndinawonjeza kuti lamulo la kuno sililola mwini ntchito kugwira matipu a wantchito, ndipo ngati akufuna tikafunse limodzi ku ofesi ya zantchito.

Palibe anayankha. Wotsuka mbale anatsegula mpopi mwamphamvu ngati sakumva. Bwana anati tikambirana mawa, n'kulowa mu ofesi. Tinakolopa mpaka 2 koloko ya usiku. Ndinaperekeza mtsikana uja ku galimoto yake, tinapala madzi oundana pa galasi ndi khadi la kubanki chifukwa chopalira anali atachisiya kunyumba.

Dzulo sitinakambirane chilichonse. Ndinangoona pa kompyuta kuti bilu ija yalembedwa ngati yotayika, ndipo mtsikana walandira matipu ake onse. Kupepesa kunalibe, ine sindinayembekezerenso. Anangondiponyera pepala la oda n'kufunsa kuti pa Super Bowl, pa 11 February, Kansas City ndi San Francisco ku Las Vegas, tifuna mabokosi angati. Kuno anthu sadzadzaza bala kudzaonera amene anawaliza, choncho ndalemba 14. M'munsi mwake ndalembanso za chiwaya, kachisanu tsopano.