Mmene ndinasankhira penti wa kuchipinda cha pansi poderapo

Pomanga nyumba yathu ku Mpondasi, m'boma la Mangochi, ndalama za matailosi zinasowa, ndiye pansi tinangothira simenti yosakaniza ndi ufa wofiira wotchedwa red oxide. Titapaka polishi kangapo, pansipo panada n'kumaoneka ngati chiwindi cha ng'ombe. Pabalaza sizinandivute chifukwa pali mawindo awiri akuluakulu. Vuto linali kuchipinda chogona: windo ndi limodzi, loyang'ana kolowera dzuwa, ndipo makoma osapentawo ankapangitsa chipinda kukhala ngati phanga.

Choyamba chimene ndinachita chinali kudikira. Mmisiri wopenta anafika, n'kuyika chikhatho pakhoma, amvekere, "Mayi, pulasitalayu akadali wamuwisi. Tikapaka lero, mvula ikadzabwera penti adzasendeka ngati khungwa." Tinadikira milungu inayi, mwayi wake kunali mu Seputembala, kunja kuli gwa.

Kenako ndinapita ku hadiweya m'tauni. Anandipatsa kapepala ka timabokosi ta mitundu yambirimbiri, ndipo maso anga anagwera pa buluu wowala ngati madzi a m'nyanja m'mawa. Ndinaganiza kuti ndi kutentha kwa kuno, buluu azitiziziritsa mtima. Ndalama ya chidebe cha malita 20 ndinali nayo m'chikwama, koma wogulitsa, mnyamata waulemu, anandifunsa kuti, "Amayi, pansi panu mpotani?" Nditamuuza, anati ndigule kaye timazitini ta lita imodzi nditenge kunyumba ndikayese. Ndinagula titatu: buluu uja, woyera mbee, ndi kirimu wofuwira kwambiri, woti mongoyang'ana mwachangu ungati ndi woyera.

Apa ndi pamene panagona nkhani yonse. Mtundu umene uli pakapepala m'sitolo si umene udzauone kunyumba, chifukwa kuwala kukagwa pansi kumabwerera kukhoma kutatenga mtundu wa pansipo. Ndinapaka zigamba zitatu, chilichonse chachikulu ngati lichero komanso chopaka kawiri, m'munsi penipeni moyandikana ndi simenti. Zina zitatu ndinapaka pakhoma loyang'anizana ndi windo. Ndinaziyang'ana masiku atatu: m'mawa dzuwa likungotuluka kumapiri a ku Namwera, cha m'ma 4 koloko madzulo likulowa m'chipindamo mwaukali, ndi usiku babu atayatsidwa.

Buluu anandikhumudwitsa tsiku loyamba lomwe. Pafupi ndi pansi pofiirapo ankaoneka wotuwa ngati phulusa, pomwe pansipo pankaoneka pofiira mopitirira. Mitundu iwiriyi inkalimbana, diso osapeza popumira. Woyera mbee anali bwino m'mawa, koma madzulo ankathobwa m'maso, ndipo malire a khoma ndi pansi ankaoneka akuthwa kwambiri. Komanso ndinakumbukira fumbi la nthawi ya mwera, ndi udzudzu umene timaumenyera pakhoma. Pa woyera chilichonse chimaonekera patali. Kirimu uja ndiye anakhala mwamtendere ndi pansi nthawi zonse zitatu. Ali ndi kachikasu pang'ono kamene kamagwirizana ndi kufiira kwa simenti, ndipo chipinda chinaoneka chotakasuka.

Usiku woyamba kirimuyo anandikayikitsa, chifukwa ankaoneka ngati wathimbirira. Bambo akunyumba ndi amene anati, "Tasinthani babuyo tione." Tinali ndi wa kuwala koyera kobuluwira, wolembedwa 6500K. Titaika wa 3000K, wowala mwachikasu pang'ono, khoma linaoneka losalala bwino ngati masana. Tinayesanso ndi nyale ya sola imene timagwiritsa ntchito magetsi akazima.

Kuwerengera kunali kosavuta. Chipinda ndi cha mamita 3 kwa 3.5, kutalika kwa khoma mamita 2.7. Kuchotsera chitseko ndi windo, tinapeza masikweya mita pafupifupi 31. Popaka kawiri ndi 62, ndipo lita imodzi imakuta masikweya mita 8 kapena kuposerapo pang'ono, malinga ndi kusalala kwa khoma. Zitini ziwiri za malita asanu zinakwana. Tinasankha PVA, penti wamadzi wosanyezimira, chifukwa wonyezimira amaulula paliponse pamene pulasitala sanasalale. Tisanapake, khoma latsopanolo linayamba lamwa primer, penti woyambira, apo ayi likanameza penti wambiri.

Siling'i tinaipaka woyera mbee uja, kuti kumwamba kukhale kowala kuposa makoma, makoma owala kuposa pansi. Chimene ndinakangana nacho ndi mmisiri ndi mzere wa m'munsi. Iye ankafuna penti wamafuta wakuda, wofika m'mawondo, monga amachitira m'nyumba zambiri. Ndinakana, chifukwa mdima wa pansi ukanakwera kukhoma n'kufupikitsa chipinda. Tinagwirizana mzere wa masentimita 10 okha, wamafuta ndithu kuti madzi okolopera ndi polishi asadetse kirimu, koma wa bulawuni wofanana ndi pansi. Ukaima pakhomo, umangooneka ngati simentiyo yapindikira kukhoma pang'ono.

Tinagona pabalaza masiku anayi, windo la kuchipinda lili pululu kuti fungo la penti wamafuta lithe. Makatani ndinasoketsa oyera a nsalu yopepuka, neti nayo ndi yoyera. Penti wotsala, pafupifupi malita awiri, ndinamutseka bwinobwino, n'kulemba dzina ndi nambala ya mtunduwo pachivundikiro, poti mwana wathu wamng'ono wayamba kale kugwira makrayoni.