Zikomo nonse, koma makamaka agogo a kukhola

Tangofika kumene, nsapato zili matope okhaokha, galimoto ikununkha ndowe za hatchi, koma sindigona ndisanalembe. Ambuye alemekezeke. Mwana wanga lero walowa koyamba pa mpikisano wa dressage, woonetsa luso loyendetsa hatchi, ndipo watuluka m'bwalo ali pamsana pa poni (hatchi yaing'ono), osati pa machira.

Za chaka chatha mukuzidziwa. Kugwa pa hatchi kuja, mkono kuthyoka, masabata 6 m'chikhakha. Atachichotsa, mtsikana yemwe ankalota hatchi usiku ndi usana sankafuna ngakhale kumva fungo la khola. Ine ndinangoti basi, ndalama zapulumuka.

Amene anakana ndi agogo ena achizungu omwe amathandiza ana a Pony Club, bungwe lophunzitsa ana kukwera hatchi, kuno ku Yorkshire ku England, pa khola lomwe ana opanda poni yawoyawo amaphunzirirapo. Dzina sinditchula, angandikalipire. Sanamukakamize kukwera ayi. Anangomupatsa bulashi, akuti pesa kaye. Sabata ina kuchotsa matope m'ziboda, ina kukankha wilibala. Patatha miyezi iwiri mwana anapempha yekha chishalo.

Kwa amene mwakhala mukufunsa kuti dressage n'chiyani: palibe kulumpha mipanda, palibe mjaha. Bwalo ndi la mamita 20 m'lifupi, 40 m'litali, m'mbali mwake muli zilembo A, K, E, H, C, M, B ndi F. Mwana amayendetsa poni motsatira ndondomeko, jaji ali pa C n'kumapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 10 pa chilichonse. Gawo lake ndi la oyamba kumene, la Intro, kuyenda ndi trot (kuthamanga pang'onopang'ono) basi. Agogowo anamuphunzitsa ndondomeko yonse wapansi, awiriwiri akuthamangathamanga mumchenga ngati iwo ndiye mahatchi, munthu wa zaka zoposa 70. Ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inasanduka ina.

Loweruka lililonse ndikaweruka naiti maso ali gwaa, iwo anali atafika kale pakhomo kudzamutenga. Jekete wavala lero ndi la mdzukulu wawo. M'mawa uno 5 koloko anali akuluka manyenje a poni, zala zitauma ndi chisanu, ndipo nthawi itakwana anaima pambali pa bwalo n'kumamuwerengera mokweza poti apite. Mayi inu, ndikubwezerani chiyani? Mulungu akuonjezereni masiku.

Wapeza 62 peresenti, nambala 5, ndi riboni yomwe wakana kuivula. Jaji walemba kuti kuzungulira kwake kwa mamita 20 kumaoneka ngati dzira. Dzira lomwelo ife tavina nalo.

Zikomo bambo ake, mwagwira mashifiti oonjezera osadandaula. Zikomo amayi a kumpingo chifukwa cha mapemphero, ndi achemwali omwe munatisungira wamng'ono tili kuchipatala. Aja munkati izi ndi zachizungu, ndalamazo bwenzi titatumiza kumudzi, kuchipatala sitinakuoneni ndipo kumudziko simunatumizekonso kanthu. Zithunzi muzionera pompano.

Agogo a kukhola akuti malipiro awo ndi mandasi omwe mwana amawauza aja. Ufa ndagula kale, ndikazinga mawa ndisanapite ku naiti.